Mlandu Wochapa Nkhope ya Mfumu

Mliri wa chifuwa utalowa mu ufumu wa Zilibwino, Mfumu Salakwa Wachiwiri inayamba yaukana. Inalengeza pa wailesi kuti matenda otere amagwira maiko opanda mwambo, ndipo kuti aliyense wofuna kutsokomola azitsokomolera m'kati kuopa kuipitsa mbiri ya dziko. Anthu anayesetsa ndithu. Koma adzukulu okumba manda atayamba kutuluka matuza, ndipo wophika wa kunyumba yachifumu atagwa pafupi ndi mbaula n'kutsirizika, mfumu inaitanitsa bwalo la nduna ku likulu, mumzinda wa Ombanim'manja.

Pa bwalolo panalinso a Yotamu Kamtedza, mkulu wa oweruza milandu. Anali bambo wochepa thupi, wa mawu otsika, amene anafika pa udindowo chifukwa panalibe munthu wokumbukira tsiku limene iwo anatsutsapo kanthu. Mfumu ikayankhula, ntchito yawo inali kufufuza lamulo logwirizana ndi zimene yanenazo. Likasowa, ankalipezabe.

Nduna ya Zaumoyo, a Dokotala Mwalimba, anaimirira n'kunena zimene maiko ena onse anali atamva kale: anthu azisamba m'manja ndi sopo, azikhala motalikirana, azivalanso masiki yotchinga pakamwa ndi mphuno.

Mfumu inakwinya nkhope. "Anthu anga akatseka pakamwa, ndidziwa bwanji kuti akusangalala ndikamadutsa?"

Funsoli linazunguza bwalo lonse, mpaka anadzuka a Chivomerezi, Nduna ya Ulemu wa Mfumu. Mkuluyu anali ndi luso lovomereza mawu a mfumu isanawamalize.

"Zosavuta, Mwinidziko," anatero. "Pa masiki iliyonse tidindepo nkhope yanu ikumwetulira. Munthu akakwiya, inu mukumwetulira. Akalira, inu mukumwetulirabe. Ngakhale mpweya wolowa m'mapapo mwake uzidzera mwa inu."

Nduna zinaomba m'manja nthawi yaitali. Phokoso litazizira, a Dokotala anawonjezera kuti masiki ya nsalu iyenera kuchapidwa tsiku lililonse.

"Kuchapa kwake kotani?" anafunsa a Chivomerezi.

"Monga tichapira nsalu ina iliyonse. Kuiviika m'madzi otentha, kuifikisa ndi sopo, kuifinya, kuiyanika padzuwa, ikauma n'kuisita."

A Chivomerezi anatembenukira kwa mfumu pang'onopang'ono. "Mwamva nokha, Mwinidziko. Akuti anthu akumizeni m'madzi owira, akupotokoleni khosi, akupachikeni pachingwe, pomaliza akuotcheni ndi simbi. Tsiku lililonse."

Mfumu inadzigwira pakhosi. Kenako inayang'ana a Kamtedza. "Lamulo likuti chiyani?"

A Kamtedza ankadziwa kuti a Dokotala akunena zoona. Ankadziwanso kuti maso onse ali pa iwo. Choncho anati, "Lamulo likuti kupachika mfumu ndi kuukira boma, Mwinidziko."

Basi zinathera pomwepo. Madzulo ake wailesi inalengeza kuti aliyense azivala nkhope ya mfumu, ndipo wopezeka akuichapa adzalowa m'ndende ya Musafunse. A Dokotala Mwalimba anawathokoza chifukwa cha ntchito yabwino, n'kuwatumiza kumalire kuti azikayendera zimbudzi.

Za kusamba m'manja boma silinaziiwale. Pakhomo pa msika waukulu wa Tapirira anaikapo ndowa zatsopano za mpopi, zopakidwa mitundu ya mbendera. Za madzi lamulo silinatchule, choncho ndowazo zinkakhala zouma. Anthu ankafika, n'kutsegula mpopi, n'kutikita manja mumphepo wapolisi akuyang'ana, n'kutsekanso mpopi bwinobwino kuti asaononge.

Masabata oyamba mzinda unakongola. Kulikonse kumene munthu angayang'ane, mfumu inali kumwetulira: pa oyendetsa kabaza, pa amayi otunga madzi, ngakhale pa anamfedwa. Koma mwezi usanathe, nkhope za mfumu zinayamba kusiyana. Ya wogulitsa makala inada. Ya wokazinga tchipisi inanenepa n'kuyamba kunyezimira. Ya munthu wa pachigayo inamera imvi. Anthu anatuluka zidzolo m'zibwano, ndipo mu minibasi munthu ankadziwa ntchito ya mnzake osafunsa.

"Mfumu yanu yadzuka bwanji, achimwene?" ankapatsana moni pamsika.

"Yadzuka, koma ntchentche zikuikonda kwambiri."

"Ndi mfumu ya onse."

Chifuwa chinkangofala. Wailesi inkati chikuchepa mochititsa kaso, ndipo wowerenga nkhaniyo ankaima kaye pakati kuti akonze kukhosi.

Kunyumba kwa a Kamtedza kunali vuto lina. Akazi awo, a Nachisale, ankadwala mphumu kuyambira ali mtsikana, ndipo sankaseka ndi chilichonse chokhudza kupuma. Tsiku loyamba lomwe, bambo atangoweruka, mayiwo anawavula masiki, n'kuiponya m'beseni la madzi otentha pamodzi ndi yawo.

"Nachisale, mukudziwa kuti umenewo ndi mlandu?"

"Ndikudziwa. Anaupeza ndinu."

"Akatigwira, ntchito yatha. Mwinanso ndende."

"Bambo, chifuwachi chikandipeza ine sichidzafunsa kuti amuna anga amagwira kuti. Inu mumakhala tsiku lonse m'khoti ndi anthu otsokomola, kenako mubwere ndi nsalu yomweyo kudzaikoleka pamutu pa bedi langa? Tandipatsirani sopoyo."

A Kamtedza anapereka sopo atayang'ana kukhoma, kuti tsiku lina akadzafunsidwa adzanene kuti sanaone kanthu. Kuyambira pamenepo zinkachitika choncho. Mayi ankachapa, n'kuyanika kuseri kwa khitchini atafunditsa chitenje, n'kusita. M'mawa bambo ankapaka phulusa pang'ono kunja kwa masikiyo kuti ioneke yomvera malamulo, n'kupita kuntchito.

Woyamba kugwidwa anali mayi Felesiya Nangozo, wogulitsa usipa ku Tapirira. Amuna awo anali atamwalira ndi chifuwa chomwecho, n'kuwasiyira ana atatu ndi benchi la nsomba. Iwo sanabise n'komwe. Anachapa masiki yawo masanasana kuseri kwa benchi, n'kuiyanika pachingwe cha mapepala apulasitiki, mfumu ikumwetulira chadodolido.

A Chivomerezi anafika okha ku ofesi ya a Kamtedza.

"Mwinidziko akufuna chitsanzo," anatero. "Mlanduwu muuzengere pamsika pomwepo kuti anthu aphunzire. Iwonso adzakhalapo. Chilango mukuchidziwa."

A Kamtedza ankachidziwa. Ankadziwanso kuti ku Musafunse akaidi ankagona mopanikizana ngati usipa womwewo, ndipo masiku amenewo ambiri ankatuluka atanyamulidwa.

Ndunayo inaima pakhomo n'kuwayang'anitsitsa kumaso. "Masiki yanu ikuoneka ya thanzi, a Kamtedza. Sikununkha n'komwe."

"Ndimapuma mosamala, a Nduna."

"Pitirizani."

A Kamtedza atafika kunyumba anafotokozera akazi awo. A Nachisale anamvetsera akusita, osadukiza. Atatha anaimika simbi pambali.

"Ndiye mumumanga mayiyo?"

"Lamulo ndi lamulo."

"Chabwino. Mukamumanga, mawa lake ndibwera kukhoti kwanuko ndi beseni langa, ndidzachapire pakhonde. Mudzandiweruze inuyo, tione ngati mawu adzatuluke."

A Kamtedza anakhala nawo m'banja zaka zambiri mayiwa, ndipo ankadziwa kuti akatchula beseni ndiye kuti abwera nalo. Anatsegula mabuku a malamulo, koma mabukuwo anali ozolowera kuthandiza mfumu, ndipo sanadziwe poyambira kuthandiza munthu wogulitsa usipa.

Tsiku la mlandu msika unadzaza. Apolisi anauza anthu kuti akhale motalikirana, kenako anawakankhira pamodzi kuti khamu lioneke lalikulu. Mfumu inakhala pansanja, itavala masiki yake ya veleveti yopetedwa ndi ulusi wagolide. Inkakonza kukhosi pafupipafupi, ndipo ikatero nduna zinkayang'ana kumwamba ngati zamva ndege.

Woyamba kupereka umboni anali Sajeni Bwanali wa polisi ya pamsika. Ananyamula masiki ya mayi Nangozo ndi manja awiri.

"Ndinaona chiyani, bwana? Ndinaona Mwinidziko ali m'chidebe, thovu lili m'maso. Woimbidwa mlanduyu anawafikisa, anawapotokola, kenako anawapachika miyendo m'mwamba."

"Pa masikipo pali miyendo?" anafunsa a Kamtedza.

"Palibe, bwana. Koma ikanakhalapo ikanaloza kumwamba."

A Kamtedza anaitana mayi Nangozo. Anali mayi wamtali, wamapewa otambalala, ndipo anaima ngati munthu amene akudikira kuti zithe abwerere kuntchito.

"Mayi, mukuvomera kuti munachita zimenezi?"

"Ndinachapa, bwana."

"Ganizani bwino musanayankhe."

"Ndaganiza. Ndinachapa. Mfumu inkanunkha usipa. Amphaka ankanditsatira mpaka kutchalitchi. Komanso bambo a kunyumba anapita ndi chifuwachi, ine sindikufuna kuwatsatira ana asanakule."

A Chivomerezi, amene anadzisankha okha kukhala oimira boma, anatambasula manja. "Wavomera yekha. Tikudikiranso chiyani?"

A Kamtedza anayang'ana khamulo. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ogulitsa tomato, anaona a Nachisale ataima, beseni lili m'khwapa. Anayang'ana masiki ya umboni ija, nkhope yoyera bwino ikuwamwetulira, ndipo chifukwa cha mantha okhaokha, mutu wawo unagwira ntchito imene unali usanagwirepo.

"Khoti lili ndi funso kwa a Nduna," anatero ndi mawu awo otsika aja. "Chimene a Sajeni anyamulachi, ndi nsalu kapena ndi nkhope ya mfumu?"

"Ndi nsalu, bwana," anayankha mayi Nangozo.

"Mayi, khalani chete, mukudzipweteka. A Nduna?"

"Ndi nkhope ya Mwinidziko," anatero a Chivomerezi. "Wonena kuti ndi nsalu akuwonjezera mlandu."

"Zikomo. Tsono pa chiyankhulo chathu, timachapa malaya, timatsuka mbale. Nkhope timaichapa?"

A Chivomerezi anaganiza kaye. "Ayi."

"Ndiye mayiwa sangakhale kuti anachapa. Anatani?"

"Ndiye kuti anawasambitsa," inatero ndunayo mofulumira.

Anthu anayang'ana pansi. Munthu wamkulu amasamba yekha, ndipo aliyense pamsikapo, pokhala nyengo ya maliro, ankadziwa tsiku limene munthu wamkulu amasambitsidwa ndi anzake. Mfumu nayo inadziwa. Inayang'ana a Chivomerezi, ndipo a Chivomerezi anapempha kuti mawuwo afafanizidwe.

"Afafanizidwa," anatero a Kamtedza. "Nkhope timasukusula. Ndifunse, a Nduna, popeza inu ndi amene mumadziwa za kunyumba yachifumu. Kodi Mwinidziko amasukusula?"

Ndunayo inayang'ana kunsanja. Panalibe njira yonenera kuti ayi.

"Amasukusula."

"Mwa apo ndi apo?"

"Tsiku lililonse."

"Ndi madzi ozizira?"

"Otentha bwino," inayankha mfumu yokha ili pansanja. "Ndi sopo wonunkhira."

"Khoti lathokoza, Mwinidziko. Ndiye kuti mayiwa anachitira nkhope yanu zimene inu mumaichitira m'mawa uliwonse."

"Nanga kupotokola kuja?" anafunsa a Chivomerezi.

"Kupukuta. Munthu akasukusula sayenda madzi akuchucha."

"Nanga kupachika pachingwe?"

"Kuothera dzuwa. Kodi mfumu ilibe ufulu woothera dzuwa m'dziko lake lomwe?"

A Chivomerezi anatsala ndi chipolopolo chimodzi. "Sajeni anapezanso simbi ya makala pansi pa benchi. Mayiyu ankafuna kuwaotcha."

A Kamtedza anatembenukira kwa mayi Nangozo. "Mayi, yankhani mwachidule. Simbi imachotsa chiyani?"

"Makwinya, bwana."

Mfumu inaweramira kutsogolo. Inali itakula ndithu, ndipo ojambula zithunzi zake ankavutika chaka ndi chaka. "Onse?" inafunsa.

"Ikatentha bwino, onse," anatero mayi Nangozo.

Mfumu inaimirira, ndipo aliyense amene anali chikhalire anaimiriranso. Inati zimenezi ndi zimene yakhala ikunena kuyambira pachiyambi, koma anthu ena samvetsa. Inati n'zomvetsa chisoni kuti m'dziko lonse la Zilibwino mwapezeka mayi mmodzi yekha wokonda mfumu yake mpaka kuisukusula. Inalamula kuti kuyambira tsiku limenelo aliyense azisukusula nkhope ya mfumu tsiku ndi tsiku, ndi sopo ndi madzi otentha, aziiothetsa dzuwa, aziichotsa makwinya, ndipo wopezeka ndi mfumu yakuda adzalowa ku Musafunse. Kuchapa kunakhalabe koletsedwa.

A Chivomerezi anali oyamba kuomba m'manja. Anauza amene anali pafupi kuti ganizoli anali nalo kalekale.

"Ndiye ndizipita?" anafunsa mayi Nangozo.

"Pitani, mayi. Mulibe mlandu."

"Nanga usipa wanga umene apolisi anatenga ngati umboni?"

Sajeni Bwanali anafotokoza kuti umboniwo unafufuzidwa mokwanira ndipo sunatsale. Mayiwo anamuyang'ana pamimba, n'kutenga masiki yawo m'manja mwake, n'kuivala, n'kubwerera kubenchi. Munthu wina kumbuyo anafunsa ngati lamulo latsopanoli latchulako madzi a m'ndowa zija. Anamuuza kuti bwalo la nduna lidzakambirana.

A Kamtedza anayamba kusonkhanitsa mabuku awo. Ankaganiza kuti zatha. Koma mfumu inawakodola.

Anakwera pansanja n'kugwada. Pafupi chotero anamva bwino kuti kukonza kukhosi kuja kunkachokera pansi pa chifuwa, ndipo maso a mfumu anali ofiira.

"Kamtedza, wanditumikira bwino," inatero mfumu. "Ena ndimawapatsa mendulo, ena minda. Iwe ndikupatsa chimene sindinapatsepo munthu."

Inavula masiki yake ya veleveti. Mfumu inali yomvera malamulo ake, choncho masikiyo inali isanaone madzi chiyambire mliri. M'kati mwake munali monyowa. Inatsokomolamo komaliza, n'kuipereka.

"Vala."

Msika wonse unali kuyang'ana. A Chivomerezi ankaoneka kuti nsanje iwapha. A Kamtedza analandira ndi manja awiri, ataigwira ndi nsonga za zala m'zingwe zake. Kukana kunali kosatheka. Kupempha beseni pamaso pa anthu kukanatanthauza kuti mfumu ndi yauve.

"Vula yakoyo, uvale iyi," inatero mfumu.

"Mwinidziko," anatero a Kamtedza, "pa yangayi palinso nkhope yanu. Sindingakuvuleni pagulu. Loleni iyi ikhale pamwamba, pakuti chochokera kwa inu sichikhala pansi pa china."

Anaivala pamwamba pa yawo ija, n'kumapuma pang'onopang'ono ngati munthu wobisala. Mfumu inakondwa kwambiri. Nduna zingapo zinayamba kufunsana kumene zingapeze masiki yachiwiri.

A Kamtedza anakana galimoto ya boma, nayenda wapansi dzuwa likupendeka. M'njira monse zingwe zinali zitadzaza kale. Mafumu mazanamazana ankaothera dzuwa m'makonde, ena akudontha madzi akuda, onse akumwetulira. Sopo anatha m'maokala tsiku lomwelo.

Atafika kwawo sanalowe. Anaima pageti n'kuitana. A Nachisale anali atafika kale, ndipo anatuluka akupukuta manja.

"Musandiyandikire," anatero a Kamtedza, mawu akumveka ngati ochokera m'mtsuko. "Ndapatsidwa ulemu."

"Ndinaona. Ndinali pa tomato paja." Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mayi uja mwamuweruza bwino, bambo."

Chikwatirane, a Kamtedza anali asanamvepo mawu otere onena za ntchito yawo. Anafuna kuyankha, koma masiki ya pansi ija inawalowa m'kamwa.

A Nachisale analowa m'khitchini, n'kutuluka ndi beseni la madzi ofuka nthunzi, sopo, ndi kamtengo. Anaika beseni pakati pa bwalo n'kubwerera m'mbuyo.

"Tiyambe ndi ndani, inu kapena mfumu?"

"Mwa mwambo, mfumu iyambe."

Anavula masiki ya veleveti n'kuiponya m'madzi. A Nachisale anaikanikiza ndi kamtengo kaja mpaka inamira, ndipo madzi anasintha mtundu nthawi yomweyo.

"Yanuyonso ponyani momwemo, musambe m'manja mpaka m'zigongono," anatero. "Mphasa ndakuyalirani m'chipinda chosungira chimanga, chakudya ndizikuikirani pakhomo. Mugona kumeneko mpaka tione ngati ulemuwu ukutsokomoletsa."